Ndikufuna kudzakhala medic wa makomando, ndiyambire pati?

FUNSO

Ndine mnyamata wa ku Kawale. Ndangomaliza dipuloma ya clinical medicine kuno ku Lilongwe ndipo ndikudikira internship. Khumbo langa n'kulowa usilikali n'kudzakhala medic wa makomando kapena a para, asilikali odumpha pandege. Ndimathamanga m'mawa uliwonse, ndimanyamula zitsulo, komanso ndimaonera kwambiri mavidiyo a ma medic a ku America pa YouTube. Kodi anthu amenewa amaphunzira zotani zosiyana ndi zimene ndaphunzira ine? Nanga panopa ndizichita chiyani kuti ndikhale wokonzeka?

YANKHO

Achimwene, funso lanu landisangalatsa, chifukwa achinyamata ambiri ofunsa za ntchito imeneyi amayamba ndi mfuti ndi yunifomu, pamene inu mwayamba ndi maphunziro. Ndikuyankhani mosapsatira. Dipuloma yanuyo ndi chuma, ndipo kutsogoloku ndikuonetsani pamene idzapulumutsire anthu. Kungoti inakukonzekeretsani kulandira wodwala amene wafika kale pachipatala, wagonekedwa pabedi, magetsi akuyaka, anamwino ali pambali panu, ndipo zikavuta mumatuma munthu kukaitana adokotala aakulu. Ntchito ya medic wa makomando ili pa nthawi ziwiri zimene sukulu siizikhudza kwenikweni. Yoyamba ndi mphindi zochepa munthu atangoomberedwa, adani akadali kuombera. Yachiwiri ndi maola ambirimbiri otsatira, pamene wovulalayo ali m'manja mwanu nokha ndipo ndege yoti imunyamule siikuoneka.

Maphunziro amene mukuwaona m'mavidiyowo ali ndi pamene anayambira. Pa 3 ndi 4 Okutobala 1993, mumzinda wa Mogadishu ku Somalia, asilikali apadera a America anazingidwa usiku wonse. Anafa 18, ena oposa 70 anavulala. Ma medic awo anali ophunzira bwino ndithu, koma anaphunzitsidwa njira za m'zipatala za anthu wamba, zimene zimadalira kuti ambulansi ili panja ndipo fiyeta ili pafupi. Mnyamata mmodzi anaomberedwa pamwamba pa ntchafu, chakufupi ndi chiuno, ndipo anataya magazi kwa maola angapo mpaka kumwalira, medic akulimbana nalo balalo ndi manja ake. Mu 1996 dokotala wa asilikali apamadzi, Frank Butler, pamodzi ndi anzake anasindikiza ndondomeko yatsopano yotchedwa Tactical Combat Casualty Care, imene aliyense amangoti TCCC. Mfundo yake yaikulu inali yakuti chithandizo chabwino chikaperekedwa pa nthawi yolakwika chikhoza kuphetsa wovulalayo, medic, ngakhalenso gulu lonse.

Kafukufuku amene anatuluka mu 2012 anaika manambala pa nkhaniyi. Brian Eastridge ndi anzake anaunika imfa 4,596 za asilikali a America ku Iraq ndi Afghanistan kuyambira 2001 mpaka 2011. Anapeza kuti 87 mwa 100 alionse anafa asanafike n'komwe pachipatala. Mwa amenewo, pafupifupi mmodzi mwa anayi anali ndi mabala oti akanatha kupulumuka nawo, ndipo pa oti akanapulumukawo, 91 mwa 100 anafa chifukwa chotaya magazi. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Mtsempha waukulu wa m'ntchafu ukaduka, akhoza kutisiya pasanathe mphindi zisanu. Dokotala wa opaleshoni, kaya akhale katswiri chotani, munthu ameneyo sangamuthandize, chifukwa sadzamuona ali moyo.

N'chifukwa chake kusukulu munaloweza ABC, kuyamba ndi njira ya mpweya, pamene kunkhondo amayamba ndi magazi. Dongosolo lake amalifupikitsa kuti MARCH: kutaya magazi kwambiri choyamba, kenako njira ya mpweya, kapumidwe, kayendedwe ka magazi m'thupi, pomalizira kuzizidwa ndi kuvulala m'mutu. Ngakhale dongosolo limeneli limadikira kaye zipolopolo zikamalira. Pa nthawi imeneyo medic ndi msilikali monga wina aliyense. Amabisala, amaombera adaniwo kuti afooke, amakuwira wovulalayo kuti akwawire pobisika ndi kudzimanga yekha ngati angathe. Chithandizo chimene chimachitika pamenepo n'chimodzi: kumanga tourniquet, lamba woletsa magazi uja, kumtunda kwenikweni kwa mwendo kapena mkono, pamwamba pa yunifomu pomwepo, n'kumukoka munthuyo kumuchotsa poyera. Kwa ife ochokera kuchipatala, apa m'pamene pamavuta kwambiri. Mtima umati thamanga, gwada, yamba kuyeza. Koma medic akagwa, gulu limatsala ndi ovulala awiri popanda wowathandiza.

Ife Amalawi nkhani imeneyi sitiimvera kutali. Mu Novembala 2018, pafupi ndi Beni kum'mawa kwa DRC, asilikali athu ndi a Tanzania a m'gulu la United Nations lotchedwa Force Intervention Brigade anakumana ndi zigawenga za ADF, ndipo Amalawi 6 anaphedwa. Mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete. Ataona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, wavulala ndipo ali poyera, anapita kukamukoka n'kumufikitsa pamalo obisikirapo, ndipo anaomberedwa ali mkati momupatsa chithandizo choyamba. Omary anapulumuka. Mu Meyi 2019 bungwe la United Nations linalemekeza Chitete ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu koposa umene limapereka kwa asilikali osungitsa mtendere. Pa nkhani yokhudza mtimayi ndimafuna wophunzira aliyense aone chinthu chimodzi: amene anafika koyamba kwa wovulala uja sanali dokotala, anali mnzake amene anali pafupi. Kunkhondo zimakhala choncho pafupifupi nthawi zonse.

Tsono medic wabwino amathera nthawi yake yambiri akuphunzitsa anzake. Gulu la 75th Ranger Regiment la America linalamula kuti msilikali aliyense, kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono, adziwe kuletsa magazi, ndipo udindo woonetsetsa kuti maphunzirowo akuchitika anausenzetsa akuluakulu a gululo, osati achipatala okha. Pakati pa 2001 ndi 2010 asilikali awo 419 anavulala pankhondo ndipo 32 anafa, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafera kutchire ndi bala loti likanatheka kuthandizidwa pomwepo. A United Nations nawo ali ndi muyezo wa 10-1-2: chithandizo choyamba pasanathe mphindi 10, chithandizo cha achipatala odziwa bwino pasanathe ola limodzi, opaleshoni pasanathe maola awiri. Mphindi 10 zoyambazo zili m'manja mwa asilikali amene inu munawaphunzitsa, ndipo mwina wovulalayo mudzakhala inu nomwe.

Tiyeni tiione pafupi tourniquet, poti ndi imene anthu amaiyesa yophweka. Mukafika pobisika mumadula buluku kuti bala mulione ndi maso anu. Lambayo amakhala pakhungu, masentimita 5 mpaka 7 kumtunda kwa bala, kupewa bondo ndi chigongono, kupewanso thumba limene muli foni kapena mpeni. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri pophunzitsa n'chakuti munthu amathamangira kupotoza kamtengo kake kothinira asanakoke lamba mokwanira. Lambayo akokedwe kaye mwamphamvu mpaka nsonga za zala zitatu zikanike kulowa pansi pake, ndipo mukatero kamtengo kamangofuna kupotozedwa kawiri kapena katatu. Mumapotoza mpaka magazi asiye, ndiponso kugunda kwa mtsempha kumunsi kwake kuzime. Wovulalayo adzakuwa, mwina adzakutukwanani, chifukwa imapweteka zedi. Musamasule. Tourniquet yomanga mwachisoni imatseka mitsempha yobweza magazi yokha n'kusiya yobweretsa ili pululu, ndiye munthu amataya magazi kuposa poyamba. Imodzi ikalephera, makamaka pantchafu yaikulu, mumaika yachiwiri moyandikana nayo chakumtunda. Kenako lembani nthawi, palamba pomwepo ndi pakhadi la wovulala.

Nthawi imeneyi ili ndi ntchito yaikulu. Tourniquet ikachotsedwa pasanathe maola awiri, kawirikawiri mwendo umapulumuka bwinobwino. Choncho maola awiriwo asanakwane medic amaunikanso. Ngati wovulala sali mu shock (kufooka kwa thupi posowa magazi okwanira), bala likutheka kuliyang'anira, ndipo chiwalocho sichinaduke, amalongedza gauze m'balamo, kumanga bandeji yothina, n'kumasula tourniquet pang'onopang'ono maso ali pabala. Ikadutsa maola 6 siimasulidwanso kutchire, chifukwa zoipa zimene zaunjikana m'mwendomo, kuphatikizapo potassium, zikathamangira kumtima ndi kuimpso zikhoza kumupha. Nkhondo ya ku Ukraine yaonetsa mbali imeneyi momvetsa chisoni: anthu ataya miyendo chifukwa cha tourniquet yomangidwa pabala losafunikira n'kusiyidwa maola ambiri popanda woiunikanso. Ndikuchenjezeninso za zogula pa intaneti. Ma tourniquet achinyengo ooneka ngati CAT, mtundu wotchuka wa tourniquet, ali mbwee, ndipo kamtengo kake kamathyokera m'manja pamene mwayamba kupotoza mwamphamvu. Chingwe, waya ndi mphira wa legeni zimangocheka mnofu. Ngati palibiretu china, chitenje chopinda bwino, chotambalala zala zinayi, ndi mtengo wolimba wopotozera n'zimene zingathandizeko.

Nanga bala likakhala m'mphechepeche, m'khwapa kapena m'munsi mwa khosi, pamene lamba sangagwire? Apa pamafunika kulimba mtima. Mumachotsa magazi amene adzaza pamwamba, kulowetsa chala m'balamo mpaka mutamva pamene pakutumphuka, n'kukanikizira pamenepo kufupa. Chala china chikugwira, china chikulowetsa gauze, kusinthanasinthana, osasiya kukanikiza ngakhale kamphindi, mpaka dzenje lonse litadzaza thothotho. Gauze wa asilikali amakhala ndi mankhwala othandiza magazi kuundana, monga kaolin wa mu Combat Gauze, ndipo mukatha kulongedza mumatsamira pamenepo ndi thupi lonse kwa mphindi zosachepera zitatu za pawotchi. Gauze wamba amagwiranso ntchito, kungoti mumakanikiza nthawi yotalikirapo. Mphindi zitatu zimatalika modabwitsa wina akukuwa, wailesi ikuitana, mtima ukufuna kusuzumira ngati magazi asiya. Mukangosuzumira mwaphwasula zonse, muyambirenso.

Za njira ya mpweya ndi chifuwa sinditalikitsa, zambiri mukuzidziwa. Wovulala amene ali maso musiyeni akhale m'mene akupumira bwino, ngakhale atakhala tsonga n'kuweramira kutsogolo. Wokomoka mugonekeni chammbali. Nkhope ikaphwanyika kapena kupsa, medic ayenera kudziwa kuboola pakhosi n'kulowetsa chubu, ndipo luso limeneli limafuna kuyeserera kambirimbiri. Bala la pachifuwa limamatidwa ndi chomatira chokhala ndi potulukira mpweya, ndipo mumafufuzanso kumsana ndi m'khwapa, poti chipolopolo chimalowa pena n'kutulukira pena. Kupuma kukamanka kuvutiravutira, dziwani kuti mpweya waunjikana m'chifuwa ndipo ukupanikiza phapo ndi mtima. Pamenepo mumabaya singano ya 14 kapena 10 gauge, yotalika masentimita 8, kutsogolo pakati pa nthiti yachiwiri ndi yachitatu, kapena chakumbali pakati pa yachisanu ndi yotsatira. Kanyula wamfupi wa dripi amene tinazolowera m'mawodi nthawi zambiri safika m'kati mwa chifuwa cha msilikali wa minofu. Chinanso chimene kusukulu sakanakuuzani: wovulala amene mutu wasokonezeka, kapena amene mwamubaya ketamine, mankhwala ogonetsa ndi opha ululu, mulandeni msanga mfuti, mabomba ndi wailesi.

Pamene chizolowezi cha kuchipatala chimavulaza kwambiri ndi pa dripi. Tinazolowera kuti BP ikatsika timapachika normal saline kapena Ringer's n'kutsegula. Kwa munthu amene akutaya magazi m'kati, zimenezi zili ngati kuthira madzi m'ndiwo kuti zikwanire alendo: mphika umaoneka wodzaza koma ndiwo n'zomwe zija. Madziwo sanyamula oxygen, amasungunula zinthu zoundanitsa magazi, amaziziritsa thupi, ndipo BP ikakwera mwadzidzidzi imakankha magazi amene anayamba kuundana pabala. Wotaya magazi amafuna magazi. Magulu apadera masiku ano amanyamula magazi athunthu a gulu O m'timabokosi tozizira, ndipo akatha amatenga kwa asilikali anzawo amene anayezedwa kale asananyamuke. Kwathu kuno, kumene HIV, hepatitis B, chindoko ndi malungo zili pakati pathu, kuyeza kumeneku kuyenera kukhala dongosolo la gulu lonse lokonzedwa nthawi ikadalipo. Medic asadzangoganiza yekha usiku zinthu zitathina. Wolandira magazi amapatsidwanso calcium. Chimene mukufuna n'chakuti kugunda kwa padzanja kumveke, munthuyo aziyankha mukamulankhula, ndipo BP yapamwamba ikhale cha m'ma 100, kukwererapo pang'ono ngati wavulala m'mutu.

Mankhwala oti muwadziwe bwino lomwe ndi tranexamic acid, TXA, amene mwina munawaona kale ku matenite akuperekedwa kwa amayi otaya magazi atabereka. Kafukufuku wa CRASH-2 wa mu 2010, wa anthu ovulala oposa 20,000 m'maiko 40, anaonetsa kuti amachepetsa imfa, ndipo atauunikanso anapeza kuti phindu lake lili m'maola atatu oyambirira. Kupitirira apo sathandiza, mwinanso amavulaza. Ndi otchipa ndipo safuna firiji. Ndiye pali kuzizidwa. Ophunzira amadabwa ndikawauza kuti wovulala angazizidwe mpaka kufa ku Salima mu Okutobala, koma thupi lotaya magazi silitha kudzitenthetsa, ndipo magazi ozizira saundana. Tamudula zovala, wagona padothi, wanyowa ndi magazi ake omwe, dzuwa likulowa. Muyalireni pansi kaye, chifukwa nthaka imakoka kutentha kwambiri, m'chotseni zonyowa, mufunditseni mpaka kumutu. Ngati zili choncho ku Salima, nanji usiku wa mu Juni ku Dzalanyama.

Tsopano tifike pamene mavidiyo aja angakusokeretseni. Ambiri anajambulidwa pa nkhondo zimene America inali ndi ma helikopita ochuluka ndipo mlengalenga munalibe wolimbana nawo. Ku Afghanistan, mu 2009, nduna yawo ya zachitetezo, Robert Gates, inachita kulamula kuti wovulala kwambiri azifika kuchipatala pasanathe mphindi 60. M'nkhalango za ku North Kivu, mvula ikukhuthuka, kunja kwada, potera ndege palibe, ola limodzi lija limasanduka usiku wonse kapena masiku awiri. Asilikali a America eniakewo atayamba kugwira ntchito m'timagulu ting'onoting'ono kutali ndi zipatala, makamaka kuno ku Africa, anaona kuti njira yawo yaperewera, n'kuyamba kuphunzitsa zimene amati prolonged field care, kusunga wovulala mpaka maola 72. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndege imene akulonjezani pawailesi muiwerengere kwa wapachala.

Apa m'pamene clinical officer wa ku Malawi amayambira patsogolo. Mwaphunzira m'zipatala zimene zipangizo n'zoperewera, ndipo mwazolowera kuweruza ndi maso, makutu ndi manja. Ketamine amene ma medic akunja amamutamanda, ogonetsa odwala athu akhala akumugwiritsa ntchito m'zipatala za m'maboma kwa zaka zambiri. Komabe chimene chimasunga munthu usiku wonse ndi unamwino, ndipo ndikukupemphani mudzichepetse mukaphunzire kwa anamwino. Iwo ndi amene angakuphunzitseni kulemba kugunda kwa mtima, kapumidwe, BP ndi m'mene wodwala akuyankhira pa mphindi 15 zilizonse poyamba, chifukwa nambala imodzi siinena zambiri koma mndandanda wa manambala umaonetsa kumene munthu akulowera. Angakuphunzitseni kuika katheta n'kumayeza mkodzo: wamkulu azitulutsa mamililita 30 mpaka 50 pa ola, ndipo ukayamba kuchepa ndiye kuti magazi sakufika mokwanira kuimpso, ngakhale nkhope ikuoneka bwino. Wodwala amatembenuzidwa pa maola awiri alionse. Mabala amatsukidwa ndi madzi aukhondo ambiri, maantibayotiki amaperekedwa msanga, chiuno chothyoka chimamangidwa ndi chitenje pa mfundo za m'mbali mwa ntchafu, osati pamimba. Mukangomusuntha munthu, bandeji iliyonse ndi tourniquet iliyonse muionenso, chifukwa zimakhwefuka pamachira.

Palinso kuwerengera. Mankhwala opha ululu amene muli nawo akwane mpaka mawa, ndiye mumapereka pang'onopang'ono. Mabatire a tochi ndi a wailesi nawonso amatha. Ntchito muigawe kwa asilikali anzanu, wina kuwerenga kapumidwe, wina kulemba, kuti inunso mugoneko, poti medic amene wachezera masiku awiri amalakwitsa mlingo wa mankhwala. Ndipo wailesi kapena foni ikagwira, imbirani dokotala wamkulu msanga zinthu zisanaipe, n'kumufotokozera mwadongosolo: chamuvulaza n'chiyani, wavulala pati, zizindikiro zili bwanji, mwamupatsa chiyani. Kufunsa nzeru kumeneku ena amakuona ngati kufooka, ndipo maganizo amenewo ndimadana nawo kwambiri.

Musaiwale kuti masiku ambiri a medic mulibe chipolopolo. Muli malungo, kutsegula m'mimba, matuza a m'mapazi, dzino lobooka, bondo lotupa la wodumpha pandege, ndi msilikali amene wasiya kudya chifukwa cha uthenga wochokera kumudzi. Pa nkhondo zambiri za m'mbiri, matenda anagonetsa asilikali ochuluka kuposa adani. Pamene asilikali athu ankalimbana ndi ADF mu 2018, m'dera lomwelo la Beni munali mliri wa Ebola, umene unalengezedwa mu Ogasiti chaka chimenecho n'kudzatha mu Juni 2020. Medic amene amaonetsetsa kuti madzi athiridwa klorini, chimbudzi chakumbidwa kutali ndi kophikira, anthu akugona m'masikito ndipo akumwa mankhwala oteteza malungo, amasunga gulu lonse lili pamiyendo. Dzuwa nalonso limapha. Msilikali akayamba kubwebweta kapena kudzandira paulendo wonyamula katundu, thupi litapitirira madigiri 40, mumamuziziritsa pomwepo ndi madzi ambiri musanaganize za galimoto.

Mwafunsa zimene amaphunzira. Ku America kosi ya Special Operations Combat Medic imatenga masabata 36 ku Fort Bragg, m'chigawo cha North Carolina, ndipo ma medic a Special Forces amapitiriza miyezi ina kuphunzira matenda, mano, labotale, opaleshoni, ngakhalenso kuchiza ziweto. Pa zaka ziwiri zilizonse amabwerera kukakumbutsidwa ndi kuyesedwanso, chifukwa luso la manja limazilala ukapanda kuligwiritsa ntchito. Chimene ndikufuna muone n'chakuti mbali ina ya kosiyo amawatumiza kuzipatala zazikulu za anthu wamba ndi m'maambulansi a m'mizinda kuti akagwire ovulala enieni, poti ku barracks nthawi ya mtendere mabala otere kulibe. Inu zimenezo muli nazo pakhomo. Ku casualty ya Kamuzu Central kumafika ovulala pamsewu wa M1, a kabaza, obayidwa, okhapidwa ndi zikwanje, akupsa ndi moto, usana ndi usiku, moti kuyambira 2008 chipatalachi chimasunga kaundula wa ovulala mothandizana ndi University of North Carolina. Pompo palinso LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo. Pa internship pemphani nthawi yochuluka ku casualty, ku fiyeta ndi ku ICU. Imani pafupi ndi wogonetsa odwala, muphunzire kusamala njira ya mpweya ndi kagwiritsidwe ka ketamine. Ikani ma chest drain, machubu otulutsa magazi ndi mpweya m'chifuwa, moyang'aniridwa, bayani makanyula kwa anthu amene mitsempha yathawa, sokani, mangani mafupa. Chilichonse muzilemba m'kabuku, wokuyang'anirani azisainira.

Kuthamanga ndi zitsulo pitirizani, koma musinthe cholinga. Medic amanyamula zonse zimene msilikali wina wanyamula, kuonjezapo chikwama cha mankhwala, ndipo pamene ena akhala pansi kupumula iye amayamba kuyendera mapazi a anthu. Chifuwa chotukuka sichidzakuthandizani kwenikweni. Mukufunika miyendo ndi msana zoyenda mtunda wautali ndi katundu, mphamvu zokoka munthu wa makilogalamu 90 kapena 100 pamodzi ndi zida zake, ndi zala zosatopa msanga. Katundu ndi mtunda muzionjezera pang'onopang'ono. Anyamata ambiri amafika kokayesedwa mafupa a m'miyendo atayamba kale kung'aluka chifukwa chopupuluma.

Kenako phatikizani thupi ndi luso. Mtima ukamagunda kwambiri ndi mantha kapena kutopa, zala zimalemera, maso amangoona malo amodzi, makutu amatseka, ndipo zimene unaloweza dzulo zimabalalika. Chimatsala n'chimene manja anachita kambirimbiri. Choncho pezani mnzanu. Thamangani mamita 400 mwamphamvu, mumukoke mamita 30, kenako mumange tourniquet pamwendo wake wina akuwerenga nthawi. Muyeze ngati kugunda kwa paphazi kwazimadi, mukatero mumasule. Mawa lake chitani mumdima. Tsiku lina dzimangeni nokha ndi dzanja lamanzere lokha, tsiku lina manja atapakidwa sopo kuti aziterera, wina akukufunsani masamu a mlingo wa mankhwala. Tourniquet yophunzirira ikhale yapadera, isalowenso m'chikwama cha ntchito. Chikwamacho chizilongedzwa mofanana tsiku lililonse kuti dzanja lizipeza chinthu popanda tochi, ndipo muzolowere kuyamba ndi zipangizo za wovulalayo musanatsegule zanu.

Za mumtima nazonso tinene. Kuchipatala wodwala amakhala mlendo. Kugulu, amene mukumumanga mwendoyo munadya naye nsima dzulo ndipo ana ake mumawadziwa maina. Ovulala akachuluka mudzasankha woyamba ndi womalizira, ndipo ena adzafa ngakhale mutachita zonse molondola, chifukwa mabala ambiri a m'mutu, m'chifuwa ndi m'mimba palibe medic angawathe kutchire. Ndaonapo anthu aluso akumira mumowa atabwerako, osauza munthu chimene chikuwadya. Gulu labwino limakhala pansi ntchito ikatha n'kukambirana zimene zachitika mosalozana zala, ndipo medic wanzeru amakhala ndi womukhuthulira za kukhosi, kaya ndi mnzake, abusa, ashehe, kapena akatswiri a zamaganizo monga a St John of God. Morphine ndi ketamine zidzakhala m'manja mwanu popanda wokuonani, choncho kabotolo kalikonse kaziwerengedwa ndi kusainidwa. Mapangano a Geneva a 1949, amene dziko la Malawi linavomereza, amalamula kuti ovulala athandizidwe mosasankha mbali. Mdani amene wagwidwa mudzamuthandiza molingana ndi kukula kwa bala lake, ngakhale atakhala yemweyo amene waombera mnzanu. Ngati mukuona kuti zimenezi simungazithe, ndi bwino muzidziwiretu panopa.

Njira yolowera n'njosakhota. Malizani internship, lembetsani ku Medical Council of Malawi, ndipo dikirani a Malawi Defence Force alengeze kuti akulemba anthu. Aliyense wokuuzani kuti mumupatse ndalama kuti akulowetseni ndi wakuba. Mukatengedwa mudzayamba ndi maphunziro a usilikali, amene ambiri amachitira ku MAFCO ku Salima, ndipo magulu ngati a para amasankha mwa asilikali amene aonetsa kale khalidwe ndi kupirira. Palibe adzakuchepetsereni mtunda kapena katundu chifukwa choti ndinu achipatala. Padakali pano, tcherani khutu kosi ya Basic Emergency Care ya WHO ndi ICRC (bungwe la Red Cross la padziko lonse) kapena ya Primary Trauma Care ikamachitika, ndipo malangizo a TCCC muziwerenga atsopano pa tsamba la pa intaneti la Deployed Medicine, pamene amapezeka mwaulere, chifukwa amasinthidwa pafupipafupi ndipo vidiyo ya zaka zisanu zapitazo ikhoza kukuphunzitsani zimene anasiya. Malizitsani katemera wa hepatitis B ngati simunamalize. Pitaninso ku MBTS, bungwe lotolera magazi m'dziko muno, mukapereke magazi. Mudzadziwa gulu la magazi anu, ndipo amene akukutenganiwo muwafunse mafunso: amayeza matenda ati, singano yake ndi yaikulu bwanji, thumba limadzaza mamililita angati, limasungidwa pozizira motani, ndipo limakhala masiku angati lisanatayidwe.